Nambala Yanga Inatsala pa Msomali

Kusukulu anandichotsa chifukwa cha mbuzi. Mbuziyo inali ya ahedi eni ake. Ine ndinangoiveka mkanjo wawo wakuda n'kuitsekera mu ofesi, ndipo mpaka lero ndimati mkanjowo unaikhala bwino kuposa mwini wake. Ahedi sanaseke. Anandiimika pamaso pa sukulu yonse ya sekondale nanena kuti mutu ngati wangawu mathero ake ndi kusenza katundu wa anthu ena.

Mayi analira masiku awiri. Tsiku lachitatu anandikokera kwa mlongo wawo, malume Jailosi, amene anali atabwera kudzapuma kuchokera ku Wanki, ku migodi ya malasha.

"Achimwene, mtengeni. Mwina pansi pa nthaka kulibe mbuzi."

Malume anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anali munthu wamfupi, wa mapewa ngati chitseko, wosawononga mawu. Anangoti, "Ndamulandira. Ndidzamubweza ndi manja angawa." Ine ndinaseka chamumtima. Kundibweza ngati ndine khasu lobwereka!

Za ulendo ndikumbukira fumbi la pa lole kudutsa ku Tete, ndi sitima yosatha kuchokera ku Halale kudzera ku Buluwayo. Wanki tinayamba kumumva ndi mphuno tisanamuone: fungo la mazira owola, utsi wachikasu uli lende pamwamba pa mapiri. Kutentha kwake nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Kwa wolemba ntchito malume ananena kuti ndine wamkulu, kungoti ndinapinimbira ndi malungo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Tinkagona ku komboni ya Madumabisa, amuna asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, tonse a ku Nyasalande. Atamva kuti ndinalawako sekondale anandipatsa dzina loti Mabuku. Makalata awo ndinkawalembera ndine, ndipo mwa ena ndinkawonjezeramo zanga. Mkulu wina anadabwa mkazi wake atamuyankha kuti, "Zoti mwayamba kuvina dansi ndi azungu ndazimva, musathyoke msana." Chipinda chathu chinalinso ndi suti imodzi yabuluu, ya tonse. Wopita kukafunsira, kukabatizidwa kapena kumaliro ankavala yomweyo. Inkagona m'bokosi la malume, kiyi wake pansi pa njerwa.

Ntchito yanga inali kulayisha, ndiko kuti kutapa malasha ndi fosholo kuthira m'ngolo. Gulu lathu linkayang'aniridwa ndi kapitawo Mudenda, Mtonga wamtali wa ku Zambezi, amene Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chilapalapa, chinenero cha mumgodi. Mawu ake okondedwa anali "Checha!", kutanthauza fulumira, ndi "Mampara!", ndiko kuti chitsiru, kutanthauza ine.

Pa malamulo onse a kumeneko, limene ndinkaliona lachibwana linali la nambala. M'mawa uliwonse unkapereka kachitsulo ka mkuwa kodindidwa nambala yako pawindo la nyumba ya nyali, iwo n'kukupatsa nyali ya pachipewa ndi batire lake lomanga m'chiuno. Kachitsuloko ankakakoleka pa msomali, pa thabwa lalikulu. Potuluka ubweze nyali, utenge kachitsulo kako. Thabwa likayera, anthu onse atuluka. Kakatsala kamodzi, pansi pali munthu, wamoyo kapena ayi. Wosunga thabwalo anali a Zuze, nkhalamba ya ku Tete ya mwendo umodzi. Winawo unatsala mumgodi. Ndipo anthu eni ake anali ndi lamulo lawo losalembedwa: mnzanu akatsala pansi, gulu lake silisamba, silidya, limabwerera kukamufuna.

Kumapeto kwa malo amene tinkalayisha kunali mpata wakale, wotchingidwa ndi matabwa awiri opingasa. Anthu ankafika pamatabwapo kukadzithandiza, koma kuwalumpha ayi. Ankati m'katimo muli mpweya wakufa, wopanda fungo, umene umagoneka munthu ngati mwana. Ine ndinawalumpha sabata yachiwiri. Ukayenda pang'ono njira inkagawikana. Ya kumanja inkatsetsereka, ili zii ngati manda. Ya kumanzere inkakuwomba kamphepo kumaso. Apa m'pamene sukulu inandithandiza: mphepo yoyenda ili ndi kumene ikuchokera. Ndinailondola, pena chowerama, pena chokwawa, mpaka ndinatulukira pa dzenje la m'mbali mwa phiri, kuseri kwa mulu wa phulusa, pamene zitsulo zotchingira zinali zitadyeka ndi dzimbiri. Katatu konse ndinatuluka pamenepo, ndinadya malambe padzuwa anzanga akutuluka thukuta pansi, n'kubwerera popanda wodziwa. Kukoma kwa malambe amenewo sindinakupezenso.

Kenaka kunabwera wojambula zithunzi wochokera ku Buluwayo. Anaimika bokosi lake la miyendo itatu pansi pa mtengo pafupi ndi sitolo, kumbuyo atapachika nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Ananena kuti achoka Loweruka pa sitima ya madzulo. Ife a shifiti ya usana tinkatuluka dzuwa litapendeka, iye atalongedza kale. Ine ndinkafuna chithunzi chimodzi chokha: nditavala suti, nyuzipepala m'manja, kuti ndiwatumizire ahedi aone katundu amene ndikusenza.

Ndinapempha kwa kapitawo theka la tsiku.

"Aikona. Iwe fosholo, malasha, basi. Nkhope yako ndani afuna?"

Ndinapempha kwa malume.

"Chithunzi sichithawa, mphwanga. Adzabwera wina."

Miyendo ndi yanga, nkhope ndi yanga, Loweruka nalonso Mulungu sanalembepo dzina la kampani. Ndinaganiza choncho, ndipo mpaka pano sindinapeze pamene pali bodza.

Loweruka masana ndinanena kuti m'mimba mwandipotokola. Pamatabwa paja ndinaimika fosholo, ndinaiveka jekete langa lodzaza ndi masaka, pamwamba chipewa chosweka chimene ndinatola. Patali, mumdima, unkaona munthu atanjuta, ali pa ntchito imene munthu waulemu sayandikira. Ndinaseka ndekha mpaka kukhosi kundiwawa. Ndinatulukira kuphiri, ndinabisa nyali ndi zovala zantchito m'tchire, ndinathamangira ku komboni ndi kabudula yekha, ndinasamba pa mpopi, ndinatukula njerwa ija.

Abale, sutiyo inandikhala! Manja ake anali aatali, koma wojambula anandipindira. Anandibwereka chipewa ndi nyuzipepala, analowetsa mutu m'nsalu yakuda, nati ndisapume. Chithunzi ankachitsuka pomwepo m'kachidebe, iwe n'kudikira kuti chiume. Choyamba chinatuluka maso nditatsinzina. Ndikanatha kuchitenga chomwecho n'kubwerera nthawi ikadalipo. Koma munthu sungatumizire ahedi chithunzi uli m'tulo. Ndinati tibwereze.

Chachiwiri chikuuma, huta inalira, lipenga la kampani lotulutsa anthu pansi.

Sindinachite mantha pamenepo. Ndinati ndikatenga nyali m'tchire, ndisakanikirane ndi anthu otuluka, ndibweze pawindo. Koma ndinayamba ndazungulira ku nyumba ya nyali kuti ndione ngati mzere udakalipo. Mzere unali utatha. A Zuze anali okha, ataima ndi ndodo yawo, akuyang'ana thabwa. Pathabwapo panali tizitsulo tisanu ndi kamodzi.

Atatembenuka n'kundiona m'suti, anagwira pamtima.

"Mabuku? Ndiwe kapena mzimu wako?"

"Ndine ndemwe, madala. Mwaiona suti?"

"Ngati iwe uli pano, nanga amene akumufuna pansi ndi ndani?"

Anandikokera m'kati ndi kolala. Anandiuza chonong'ona kuti kapitawo anatopa kudikira, anapita pamatabwa, anamenya khofi munthu wonjuta uja, mutu n'kugubuduka. Anthu anaseka, nati Mabuku wabisala m'kati, atuluka yekha. Huta italira osandiona, kuseka kunatha. Malume anatumiza mawu kwa a Zuze kuti asauze mzungu wa shifiti, chifukwa wolumpha matabwa aja amachotsedwa ntchito, mwinanso kumangidwa. Kenaka analumpha matabwawo: malume, kapitawo ndi anzathu atatu.

"Anakhotera kuti?" Ndinafunsa.

"Ndidziwa bwanji ine? Kodi njira zilipo ziwiri?"

Ndinadziwa pomwepo. Ya kumanzere inali yopanikiza, yofuna kukwawa. Munthu wamkulu wofuna mwana wotayika sangaganize za kabowo. Atsata njira yotakata, yotsetsereka.

Kusiteshoni sitima inalira. Ndinena zoona, popeza pepala silimenya: ndinaiganizira sitimayo. Ndinali nditavala bwino, chithunzi chili m'thumba. Wojambula akanandilola kumunyamulira bokosi. Mawa lake ndikanadzuka ku Buluwayo, kumene kulibe wondidziwa, kulibe malume, kulibe msomali wokhala ndi nambala yanga. Ndinaima pakhomo paja miyendo ikukokera uku, m'mimba mukukokera uko. Sindinawatume. Ndinabwereza mawu amenewo katatu mumtima. Sindinawatume.

A Zuze anandigwira dzanja.

"Ndiwerenga ngolo makumi awiri zotuluka apa. Zikatha ndikukauza mzungu, zivute zitani. Koma pofika iyeyo ndi anthu ake, tikhala tikunyamula mitembo."

Ndinathamangira kuphiri. Zovala zantchito sindinazikhudze, ndinangomanga batire pamwamba pa suti n'kulowa m'dzenje.

Njira imeneyo ndinali nditaidutsa kangapo ndikuimba mluzu. Tsiku limenelo inali ina. Ndinaona zinthu zimene sindinkaziona kale: mizati yochirikiza denga itawola, itamera zoyera ngati thonje, ina itapindika pakati ngati bondo la nkhalamba. Denga linkachita the, the, timiyala tikugwera pachipewa. Malume anandiphunzitsa kuti denga likayamba kulankhula usaliyankhe, thawa. Ine ndinkakwawira kumene likulankhulako. Bondo la suti linang'ambika, ndinamva kuzizira kwa madzi akuda. Mtima unkagunda m'makutu mwakuti ndinkaima kumvetsera, kuyesa ndi mapazi a munthu.

Pamphambano ndinakhotera kotsetsereka. Kamphepo kaja kanatha ngati wina watseka chitseko.

"Malume! A Mudenda!"

Mawu anga sanabwerere. Mumgodi ukakuwa, mawu amabwerera. Umu ankangomezedwa. Ndinayenda, ndinayenda. Ndinayamba kupuma ngati ndakwera phiri, chonsecho ndikutsika. Kenaka kutsogolo ndinaona nyali zinayi, zonse zili pafupi ndi pansi.

Kapitawo ndi anzathu atatu aja anali atatsamira khoma, akupuma mwabefu. Mmodzi anali atasanza. Kapitawo ankayenda ndi kanyali kena ka lawi la moto, koyesera mpweya. Anakatukula kundionetsa: kanali katazima. Kenaka nyali yake inandiunika bwino, kuyambira tayi mpaka nsapato. Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana.

"Malume ali kuti?"

Analoza kumunsi ndi chibwano.

"Moto wafa pano. Ine ndati tonse bwerera. Iye wati mwana wa mlongo wake ali kutsogolo. Tamugwira, watimenya. Wapita."

Kumunsiko, patali ngati kuchokera pakhomo la tchalitchi kufika kuguwa, kunali kuwala kamodzi. Sikunkayenda. Kunkaunika denga.

Kapitawo anali ndi chingwe paphewa. Anayesa kudzimanga yekha, koma zala zinkamukanika, ndipo ataimirira anagwada pomwepo. Onse anayi anali atamwa kale mpweya uja. Watsopano ndinali ine ndekha. Palibe anandiuza kuti pita. Anangondiyang'ana, nyali zinayi pankhope panga.

Ndinkafuna kulira. Ndinkafuna mayi. Ndinati, "Nanga ndikagwa?"

"Tikoka," anatero kapitawo, akundimanga chingwe m'chiuno. "Mpweya woipa ugona pansi ngati madzi. Mutu pamwamba. Puma kuno, kumeneko aikona puma. Gwira lamba wake, usasiye. Ukasiya, ine ndikubweza komweko."

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinadzaza chifuwa, ndinathamanga.

Za kuthamangako ndikumbukira phokoso la nsapato zanga ndi chingwe chikukhwekhwereza. Malume anali chagada, mwendo umodzi utapindikira pansi pawo, maso ali tong'o, milomo yotuwa ngati phulusa. M'dzanja anali atagwira botolo langa la madzi limene ndinalisiya pamatabwa. Kuti ndigwire lamba wawo ndinayenera kuwerama, ndipo powerama chifuwa chinandipereka: ndinapuma. Sizinawawe. Ndicho choopsa chake. Kunangobwera kutopa kokoma, ngati ukagona pamthunzi utakhuta, ndi maganizo oti ndikhale pansi pang'ono chabe. Ndinalowetsa mkono wonse kunsi kwa lamba mpaka m'chigongono, ndinapinda. Ndinamva chingwe chikundidula m'chiuno. Kenaka sindinamvenso kanthu.

Ndinatsitsimuka pamphambano, kamphepo kakundiwomba kumaso, mutu ukung'ambika pakati. Kapitawo anali atakhalira malume, akuwatukula manja ndi kuwakanikiza pachifuwa, akuwatukula, akuwakanikiza, uku akulankhula Chitonga chokhachokha. Mnzathu wina ankapemphera, mawu akusokonekera. Ine ndinkawerenga kukanikizako. Ndinafika patali, ndinasokoneza, ndinayambanso. Ndinaona nkhope ya mayi akufunsa kuti mlongo wawo ali kuti. Ndinaona akazi a malume, ndi ana awo anayi atandandalika pakhonde.

Malume anakhosomola. Kukhosomola konyansa, kwa makala ndi malovu, koma sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Ndinawatsogolera onse njira yanga ya kumanzere, malume tikuwakoka pa jekete la suti. Titatulukira kuphiri dzuwa linali lidakalipo, mbalame zikulira ngati palibe chachitika. Kapitawo anayang'ana dzenjelo, anayang'ana makoko a malambe amene ndinkataya pamenepo, kenaka anandipatsa khofi limodzi limene khutu lakumanzere likulikumbukabe.

Kwa mzungu kapitawo ananena kuti malume anasochera pokadzithandiza, gulu n'kuwalondola. A Zuze anachotsa tizitsulo tonse pathabwa osaulula kanthu. Dzenje langa analitseka ndi njerwa sabata yomweyo. Kuchipinda sanandimenye. Anangopachika suti ija pa msomali pamwamba pa bedi langa, yong'ambika, yakuda bii, ndipo kwa mwezi wathunthu panalibe wondipempha kumulembera kalata.

Malume anatuluka m'chipatala ali munthu wina. Dzanja lamanja linkanjenjemera osaleka, fosholo inkawapulumuka. Mawu ankabwera amodziamodzi, ngati akuwatunga pachitsime chakuya. Kampani inawalembera kuti apite kwawo, ndipo anthu a m'chipinda anagamula kuti wowaperekeza ndine.

M'sitima, titadutsa Buluwayo, ndinalephera kupirira. Masabata onsewo sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo kusakalipako kunkandiyabwa kuposa nsikidzi za ku komboni.

"Malume, tinene zoona. Kodi ndinakutumani ine kuti mulowe m'mene muja?"

Anayankha akuyang'ana pawindo.

"Ayi."

"A Mudenda anati mubwerere. Moto unazima. Munthu wanzeru akanabwerera."

"Eya."

"Ndiye mlandu wanga uli pati? Ine ndinangopita kukajambulitsa. Miyendo ndi yanga."

"Ndi yako, mphwanga." Anapuma, akusaka mawu. "Ukadzasowanso... ndidzalowanso. Kulikonse. Ndiye posankha kopita... uzisankha koti ine ndikatulukako."

Ndinaseka, ndinawauza kuti imeneyo ndi nzeru ya anthu osapita kusukulu. Iwo anatseka maso nagona.

Kumudzi tinapeza mayi atachita imvi, mlongo wanga atakwatiwa ndi mnyamata amene ndinkamuopseza ndi njoka zakufa, ndipo tsopano ndiyenera kumutchula kuti alamu. Akazi a malume ataona dzanja lija anakhala pansi n'kufunsa chimene chinachitika. Malume anati, "Mgodi." Sanawonjezere, ndipo mpaka lero palibe pamudzi pano akudziwa zambiri kuposa pamenepo. Chithunzi ndinawatumizira ahedi. Sanayankhe, ndiye kuti chinawalasa.

Ena akadzawerenga izi adzati ndipepese. Ndipepese chiyani? Lamulo lobwerera pansi sindinapange ine, ndipo amene anatsika ndi chingwe m'chiuno si wina ayi. Ndikadali mnyamata, ndipo mudzi uno ndi waung'ono ngati chikho. Anzanga awiri anakonza zopita ku Joni, akuti kumeneko migodi ndi yakuya mwakuti Wanki ndi dzenje la mbewa. Ndinawauza kuti tipitira limodzi. Katundu ndinamanga kale, ndinabisa m'nkhokwe, sindinauze munthu.

Koma m'mawa mwake ndinapeza malume atakhala pa chitsa cha panjira yotulukira m'mudzi, atavala nsapato zawo za mumgodi. Zingwe zake zinali lendelende, poti dzanja lija silitha kumanga. Anangoti, "Mphwanga, tandimangira."

Ndinagwada, ndinawamangira. Anzanga aja anapita mwezi watha. Malume amakhala pachitsapo m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ndimawamangira nsapato, ndikuyang'ana njira.